Timfuti ta Kuseri kwa Labotale

Lachiwiri la sabata yachitatu ya teremu, pa bolodi la zidziwitso pafupi ndi ofesi ya ahedi panakhomedwa chikalata chochokera kulikulu. Chinali ndi nambala, chidindo, ndi siginecha ya munthu wina amene anasaina m'malo mwa munthu wina amene anali kumsonkhano. Chinkalamula kuti malabotale onse a m'sukulu akwezedwe kufika pa mlingo woyenera, ndipo mlingowo unafotokozedwa m'mfundo zitatu. Yoyamba, mpope uliwonse wa mu labotale uzituluka madzi. Yachiwiri, tizilombo tonse ta m'kati ndi m'mbali mwa nyumbayo tiphedwe ndi mankhwala opopera. Yachitatu, chowonongeka chilichonse chimene chinanenedwapo mwa kalata chikonzedwe pasanathe masiku makumi atatu. Pamapeto pake panali mawu othokoza onse chifukwa cha mgwirizano umene anali asanaupereke.

Aphunzitsi anachiwerenga ali chiimire, makapu a tiyi ali m'manja, n'kubwerera kukalasi. Munthu mmodzi yekha ndiye anachiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere: a Mabotolo.

Dzinali anawapatsa ndi ana a sukulu kalekale, ndipo linamera mizu moti ngakhale akazi awo akakwiya amalitchula. Pa pepala, ntchito yawo ndi wothandiza mu labotale. Kunena kwake, amatsuka timabotolo toyesera, amayeza mankhwala, amayatsa ndi kuzimitsa timoto ta gasi, n'kumaonetsetsa kuti mwana asamwe chimene sichimwedwa. Anafika pasukulupo ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, tsitsi lili bii, ndipo chaka cha chikalatachi chinali chomaliza asanapume pa ntchito. Anagwira ntchito pansi pa ahedi asanu ndi awiri. Aliyense anabwera ndi masomphenya ake, n'kuchoka nawo.

Mfundo imene inawaimitsa chala inali yachiwiri ija, ya tizilombo. Chifukwa chake chinali kuseri kwa labotale.

Kumeneko kunali paipi yolowetsa madzi m'nyumbamo. Inkadontha polumikizira, dontho limodzilimodzi, dzinja ndi chilimwe chomwe. Pansi pake panali chinyontho chokula ngati mphasa ziwiri, ndere, ndi njerwa zotsala pomanga zimene palibe anakumbuka kuchotsa. Chaka chawo choyamba, a Mabotolo anatukula njerwa imodzi kuti atsekereze chitseko chimene chinkamenyetseka ndi mphepo. Pansi pake panali kachikumbu kotalika ngati mfundo ya chala, mutu wofiirira, msana wakuda wa madontho achikasu. Anakagwira ndi zala ziwiri monga angachitire munthu aliyense wachidwi. Kanamveka kuti phu, kautsi n'kutuluka kumbuyo kwake, ndipo chala chinawatentha ngati chakhudza ketulo. Banga lake linakhala pachala sabata yathunthu. Sopo anayesetsa, analephera.

Munthu wina akanangotukwana n'kukaponda. Iwo anapita ku laibulale ya sukulu, kabati imodzi ya mabuku opanda zikuto, n'kusanthula mpaka anakapeza. Ana anakatcha kamfuti, ndipo kuyambira pamenepo, chaka ndi chaka, kalasi iliyonse yofika pa phunziro la mankhwala inkakhala ndi tsiku limodzi limene mphunzitsi ankakhala pampando kumbuyo, a Mabotolo n'kuima kutsogolo. Tsikuli silinalembedwe mu silabasi, ndipo mwina n'chifukwa chake ana ankalikumbukira.

Ankayamba ndi kabati yawo ya mankhwala. Ankaonetsa ana kuti mabotolo ena sakhala pa shelefu imodzi, ngati mitala yosamvana. Kenako ankafotokoza kuti kamfuti nako kali ndi kabati m'mimba. Muli timatumba tosungira mankhwala awiri. Amodzi ndi perokisaidi, aja amachita thovu munthu akathira pabala. Enawo ndi haidirokwinoni, amene amapezekanso m'mafuta ena oyeretsera khungu, ndipo akafika apa ankayang'ana kudenga dala kuti asaoneke ngati akuloza munthu. Kutsogolo kwa kathumbako kuli kachipinda ka makoma olimba, ndipo pakati pake pali kachitseko. Chule kapena nyerere ikakagwira mwendo, kachitseko kamatseguka, mankhwala n'kulowa m'kachipinda kaja, n'kuwira kufika pa kutentha kwa madzi obwadamuka, n'kutuluka. Sakutuluka kamodzi ayi, koma motsekula ndi kutseka mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa kuphethira kumodzi, kuti mwini wake asadziphike yekha. Ndipo kamatha kupinda kumbuyo kwake n'kulunjika mdani ali mbali iliyonse.

Akatero ankatulutsa kamfuti m'botolo, n'kukagwira mwendo ndi kapani kachitsulo pamwamba pa pepala loyera. Phu. Pa pepala pankatsala banga. Ana a kutsogolo ankabwerera m'mbuyo, a kumbuyo n'kukankhira kutsogolo.

Chaka chilichonse pankapezeka mwana mmodzi wochenjera wofunsa funso lomwelo. Ngati zamoyo zinasintha pang'onopang'ono monga likunenera buku, kachilombo aka kanapeza bwanji mfuti? Mfuti ya theka siipha mwini wake? A Mabotolo ankalidikira funsoli ngati mlendo wokondedwa. Ankathira mankhwala awiri aja m'kabotolo kamodzi, ana atabisa nkhope. Sipankachitika kanthu. Madziwo ankangoyamba kufiira pang'onopang'ono, ngati tiyi wofulula mwaulesi. Kenako ankatenga perokisaidi wina, n'kuponyamo kachidutswa ka chiwindi chachiwisi. Thovu linkakwera n'kusefukira, kabotolo n'kufunda m'manja.

"Mwaona? Awiriwa paokha ndi aulesi," ankatero. "Pamafunika kapitawo wowafulumizitsa. Ali m'chiwindi chanu, alinso m'makoma a kachipinda ka kamfuti. Palibe chachilendo apa, ana inu. Zonse zinalipo kale, zikugwira ntchito zina."

Ankapitiriza kuti tizilombo tambiri timagwiritsa ntchito mankhwala a mtundu womwewo polimbitsa chikamba chawo. Tina tinapezeka kuti otsala ake ndi owawa, adani n'kumatilavula, ndipo totere tinabereka ana ambiri kuposa tinzake. Tina tinayamba kuwasunga m'timatumba. Pansi pa njerwa zomwezo panali zikumbu zina, abale ake a kamfuti, zimene zimangonunkha basi, ndipo mabuku amati kumaiko ena kuli abale ena amene amangotulutsa thovu lotentha lomayenderera pamsana. Aliyense wa iwo ali ndi mfuti ya theka, ndipo aliyense akukhala bwinobwino. Kuti ana amvetse, ankawauza kuti ayang'ane labotale imene akhalamo. Inamangidwa ngati mosungiramo makasu. Wina anaboola zenera, wina anaikamo mabenchi, wina sinki, wina anakoka paipi. Palibe amene anakhala pansi n'kuijambula. Chimene chinagwira ntchito chinatsala, chimene chinakanika chinagwa.

Chaka china chule anawathandiza kuphunzitsa. Anameza kamfuti ana akuona. M'mimba mwake munamveka kaphokoso. Chule anakhala duu, maso ali tong'o, ngati munthu amene walandira kalata yomusamutsa. Belu la phunziro lotsatira lisanalire, anasanza, ndipo kamfuti kanadzuka m'malovu n'kumapita. Amene anaona zimenezi lero ndi akuluakulu a ndevu, koma akakumana ndi a Mabotolo mumsewu amafunsa za chule asanafunse za moyo.

Chimene a Mabotolo anachidziwa patapita zaka n'chakuti timfuti sitiswana m'botolo. Anayesa kangapo. Tatikulu timakhala miyezi yambiri ngati ukutipatsa tinyenyeswa ta nyama ndi dothi lonyowa, koma ana ake sadya china koma mazira a bololo, kachilombo kaja kokumba m'dothi, ndipo bololo saikira pouma. Choncho zonse zinali pa dontho lija. Paipi inkanyowetsa dothi, dothi linkaitana bololo, bololo ankadyetsa ana a timfuti, timfuti n'kumaphunzitsa ana a anthu.

Pano m'pamene tiyenera kunena za makalata. Malamulo a ntchito yawo amati wothandiza mu labotale azinena chowonongeka chilichonse mwa kalata, chaka chikamayamba. Osanena, mlandu ndi wake tsiku loyendera. A Mabotolo sanali munthu wophwanya lamulo. Januwale aliyense ankalemba ndi dzanja lokongola kuti paipi ya kuseri ikudontha ndipo ikufunika kukonzedwa mwamsanga, n'kupereka ku ofesi, ina n'kusunga m'faelo yawo. Ankalemba ndi mtima uli m'malo, chifukwa ankaidziwa ofesi monga mlimi adziwira munda wake. Kalata yolowa mmenemo inali ngati mwala woponya m'chitsime chakuya: umamva kuti wapita, sumva kuti wafika. Makalata anakwana makumi atatu ndi imodzi. Paipi inali kudonthabe, lamulo likutsatidwa, timfuti tikuswana. Aliyense anali pa mtendere.

N'chifukwa chake, powerenga chikalata chija, mfundo yachitatu anangoidumpha monga timadumphira moni wa m'kalata. Mantha awo onse anali pa opopera. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kusiya kadambo kawo kali moyo m'manja mwa aphunzitsi a sayansi atsopano, mayi wachitsikana amene anali atafika chaka chomwecho, woyamba mwa aphunzitsi onse kugwada pamatope n'kutukula njerwa yekha.

Anapita kwa ahedi. Ahedi anawalandira bwino, n'kuwapatsa mpando, n'kuwamvetsera mpaka kumapeto, pakuti anali ataphunzira ku semina kuti mtsogoleri amamvetsera. Atatha anavala magalasi n'kuwerenga mfundo yachiwiri mokweza. Anati chikalata chikunena tizilombo tonse, ndipo iwo alibe mphamvu yosankha kuti aka n'kophunzira, aka n'kosaphunzira. A Mabotolo anafunsa ngati timfuti sitingawerengedwe ngati zipangizo zophunzitsira. Ahedi anati chipangizo chimakhala ndi nambala ndipo sichithawa. Anafunsa ngati sitingawerengedwe ngati mankhwala. Ahedi anaganiza kanthawi, n'kuyankha kuti zikatero tiyenera kukhala m'kabati yokiya, komanso mankhwala awiri a m'mimbamo aikidwe pa mashelefu osiyana.

"Lembani kalata, achikulire," anatero powaperekeza pakhomo. "Tiitumiza."

Opopera ankabwera Loweruka. Lachisanu masana, ana ataweruka, a Mabotolo ndi aphunzitsi aja anagwada kuseri, n'kutukula njerwa imodziimodzi. Anatola timfuti makumi anayi ndi tiwiri, n'kutiika m'mabotolo a dothi lonyowa okhala ndi zivindikiro zoboola. Zala zawo zonse zinafiira. Pamalopo anayalapo masaka, pamwamba pulasitiki, m'mbali n'kutsendereza ndi miyala kuti mankhwala asalowe pansi pamene panali mazira. Aphunzitsi anafunsa ngati paipi aisiye choncho. A Mabotolo anaseka. Anati paipiyo yaona ahedi asanu ndi awiri, iwonanso wachisanu ndi chitatu.

A Mabotolo anafika kunyumba pa njinga, mabotolo a timfuti ali m'katoni, akugundana. Akazi awo anali pakhonde akusita yunifolomu ya mdzukulu. Anayang'ana katoni, n'kuyang'ana mwini wake, n'kufunsa ngati alendowa akhalitsa. Anakumbutsa kuti kwa zaka makumi atatu, chiwindi chilichonse cholowa m'nyumba muno chimafika m'poto chili chodula pakona, ndipo iwo sanadandaulepo. Tsopano odya chiwindiwo abwera okha kudzaona kumene chimachokera.

"Masiku awiri okha, mayi."

"Inunso munati mukungodutsa, bambo. Onani lero."

Anawapatsa malo pansi pa tebulo la m'chipinda chochezera, n'kuwachenjeza kuti kamodzi kakangotuluka n'kuombera mlendo wa kumpingo, onse agona panja pamodzi ndi kapitawo wawo.

Lolemba m'mawa a Mabotolo anafika msanga, katoni ili pa kaliyala. Labotale inkanunkha mankhwala, mphemvu zili gadagada pansi pa mabenchi. Anazungulira kuseri kuti akachotse pulasitiki.

Pulasitiki inali itapindidwa bwinobwino pambali, masaka pamwamba pake. Njerwa zinali zitasanjidwa mwaluso m'mbali mwa mpanda. Pamene panali chinyontho panali simenti yatsopano, yosalala, yotsetsereka pang'ono kuti madzi asamaime. Munthu wina wovala ovolosi anali atanyonyomala pamenepo, akulemba deti ndi msomali pakona pamene panali pasanaume. Anali wa mapaipi, amene anabwera galimoto imodzi ndi opopera Loweruka, n'kubweranso m'mawa umenewo kudzamaliza simenti. Atawaona anaimirira, n'kupukuta dzanja pa ovolosi, n'kuwapatsa moni wa manja awiri.

"Ndinu amene mumalemba makalata aja, bambo?"

A Mabotolo anavomera ndi mutu.

"Mwapambana. Kulikulu anati tiyambe ndi amene ali ndi makalata ambiri. Chigawo chonse palibe wokufikani. Wachiwiri wanu ali ndi asanu ndi anayi, ndipo vuto lake ndi denga lathunthu." Analoza simenti. "Iyi ndangokuwonjezerani. Pamalo ponyansa chonchi, munthu wamkulu ngati inu kumaponda matope zaka zonsezi? Ndinakumba n'kutaya dothi lonse. Munali bololo osati masewera."

A Mabotolo anathokoza. Palibe china chimene akanachita, pakuti munthuyo anagwira ntchito yake, ndiponso anaigwira ndi mtima wonse. Anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pa katoni. M'katimo kamfuti kamodzi, mwina katagundidwa ndi kanzake, kanamveka kuti phu.

Pa msonkhano wa aphunzitsi wa sabata imeneyo, ahedi anawaimiritsa n'kuwatchula chitsanzo cha kupirira. Anati achinyamata aphunzirepo kuti kalata siiwola. Anthu anaomba m'manja.

Kunyumba, akazi awo anamva nkhani yonse osadula mawu, zimene sizichitika kawirikawiri. Atatha anati anthu amati walira mvula walira matope, koma aka n'koyamba kuona munthu wolira mvula n'kulandidwa matope. Kenako anafunsa chimene chinawavuta kungosiya kulemba. A Mabotolo anati lamulo. Akazi awo anati ayi, si lamulo, koma ankafuna kudya uku ndi uku: kuoneka okhulupirika ku ofesi, n'kumadalira ulesi wa ofesi yomweyo. Tsiku lotsatira a Mabotolo anapeza kuti katoni yachoka pansi pa tebulo, yaikidwa pamthunzi pafupi ndi potsukira mbale, dothi la m'mabotolo litawazidwa madzi. Za masiku awiri aja sizinatchulidwenso.

Anayesa zimene akanatha. Loweruka lililonse ankayenda ndi aphunzitsi aja m'mphepete mwa ngalande ndi m'madimba a kumunsi kwa tauni, akutukula miyala. Ankapeza zinkhanira, abongololo, ndi zikumbu zonunkha zija. Kamfuti sanakapeze. Anayesa kunyowetsa kuseri kwa nyumba yawo, koma dothi lake ndi la mchenga, limamwa ngati chidakwa, ndipo bololo sanabwere. Timfuti ta m'mabotolo tinkadya bwino, tinkaombera bwino, n'kumatha kamodzikamodzi.

Tsiku la phunziro lawo lomaliza, tinali titatsala titatu. Anachita zonse monga mwa masiku onse: kabati, mitala yosamvana, kuyang'ana kudenga, chiwindi, pepala loyera. Mwana wochenjera wa chaka chimenecho anali mtsikana wa pabenchi lachiwiri, ndipo atayankhidwa za mfuti ya theka anakwezanso dzanja. Anafunsa ngati pali chimene chingagonjetse kachilombo kokhala ndi chida chotere.

A Mabotolo anaika kapani pansi. Anati chida chilichonse cha chamoyo chinasulidwa ndi adani amene makolo ake anakumana nawo. Kamfuti kamamudziwa chule, kamaidziwa nyerere, kamaidziwa mbalame, chifukwa agogo ake anavutika nazo kwa zaka zosawerengeka. Koma chimene sichinachitikepo, palibe amene amachikonzekera.

"Monga chiyani, bambo?"

"Monga simenti, mwanawe. Lembani, belu lili pafupi."

Anapuma pa ntchito kumapeto kwa chaka. Anawapatsa wotchi yapakhoma ndi kalata yoyamikira, imene inatchula za makalata koma osatchula za timfuti. Titatu tija anatisiya kwa aphunzitsi, pamodzi ndi kapani kachitsulo.

Patapita miyezi ingapo aphunzitsi aja anawaitana kuti adzaone kanthu. Anawatengera pakhomo la kutsogolo kwa labotale. Pambali pa sitepe, pamene ana amatula ndowa akamabwera ndi madzi, dothi linali lakuda ndi chinyontho, chifukwa mwana sanyamula ndowa osataya. Aphunzitsi anali ataikapo njerwa zinayi. Pansi pake panalibe kanthu koma nyongolotsi, komabe pambali panali kamzere ka dothi lotukuka, konga kamene bololo amasiya akamayenda pansi. A Mabotolo anagwada movutikira, n'kukhudza ndi chala. Aphunzitsi anati akuganiza zolembera ahedi kuti malowo atetezedwe.

"Musalembe, amadamu," anatero akudzuka, atagwira bondo. "Chilichonse chitani, koma musalembe."

Lipoti la oyendera linatuluka teremu yomweyo, ndipo linaika sukuluyo m'gulu la zimene zinafika pa mlingo woyenera. Linanena kuti palibe paipi yodontha, ndipo linanena zoona. Wa mapaipi uja analibe cholumikizira cha saizi yake, choncho anadula paipi n'kuitseka ndi chotsekera, podikira kuti cholumikizira chibwere kuchokera kulikulu. Mu labotale muli mipope isanu ndi umodzi. Kuyambira Loweruka limenelo, palibe umene watulutsapo madzi.